Chitetezo cha Amayi a Simbi

Mpaka sabata yathayi panali chinthu chimene ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale Bambo Mfumu pa kulapa. Ena mwa inu amene mukuwerenga kanyuzi ka parishi kano ndinakwiya nanu, ndipo mkwiyowo ndakhala ndikugona nawo, kudzuka nawo, kupita nawo ku Misa. Mumandidziwa ngati kamtsikana kofatsa ka mzere wakumbuyo m'kwaya, kamene kamangoyang'ana pansi mukakapatsa moni. Si ulemu wokha ayi. Nthawi zina ndimayang'ana pansi kuti musaone zimene zili pankhope panga.

Andipempha kuti ndilembe za moyo wa Azakhali anga, amene inu munkawatchula kuti Amayi a Simbi, ati poti ndangomaliza kumene sukulu ndipo cholembera sindinachiiwale. Ndiyesetsa kulemba mwadongosolo monga amalembera ena patsamba lino, kuyambira ubwana mpaka imfa. Ndikapsa mtima pena mundipirire. Eni akewo sakanalemba chonchi.

Azakhali anali oyamba kubadwa m'banja mwawo, ndipo bambo anga ndiwo chitsirizira. Mayi awo ankagwira ntchito pamalo ochapirapo zovala za anthu, ndipo atamwalira Azakhali anasiya sukulu n'kukaima pamalo pomwepo, patebulo lomwelo, simbi ili m'manja, bambo anga ali kumbuyo. Alongo awo onse anaphunzira ndi simbi imeneyo. Kunabwera telala wina wofuna banja, munthu wabwinobwino ndithu, koma ankafuna kuti anawo akasiyidwe kwa achibale. Ndikawafunsa za iyeyo ankangoseka n'kunena kuti, "Ndinamuuza kuti ine ndimayenda ndi katundu wanga. Anayang'ana katunduyo akudya, n'kutsanzika." Sanakwatiwe mpaka imfa.

Ntchito ya kutchalitchi inayamba chifukwa cha kolala ya shati. Sisitere wina wokalamba anaona shati ya mmodzi wa alongo awo pa katekisimu n'kufunsa amene anasita. Loweruka lotsatira Azakhali anapatsidwa nsalu ya paguwa, ndipo kuchokera pamenepo nsalu zonse za m'tchalitchi muno zinkadutsa m'manja mwawo: ya paguwa, mikanjo ya ansembe ndi ya otumikira, ndi tinsalu ting'onoting'ono topukutira chikho. Ansembe ankabwera n'kusamutsidwa, denga linasinthidwa, kwaya inagawikana n'kugwirizananso, koma Loweruka lililonse m'kachipinda ka kuseri kwa holo munkamveka fungo la nsalu yotentha. Madzi ankawaza ndi nsonga za zala. Mtanda wopetedwa ankausitira kumbuyo kuti ulusi usanyezimire. Wina akawauza kuti akudzivutitsa, palibe amaona zimenezo, ankayankha kuti, "Mulungu sakwiya ndi makwinya. Ndimakwiya nawo ndine."

Ine ndinapita kukakhala nawo mayi anga atamwalira, poti bambo amayendetsa galimoto zamtunda wautali ndipo pakhomo amangodutsa. Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri kuseri kwa malo owotcherera zitsulo. Tebulo lodyera ndi lomwelo lositira, bulangete lake lili ndi zipsera za simbi zakalekale. Ankandidzutsa ndi pemphero, kundigoneka ndi pemphero, ndipo ndikanama ankadziwa ndisanamalize chiganizo. Iwowo bodza sankalitha n'komwe, ngakhale laling'ono lija lopulumukira. Mumvetsa kutsogoloku chifukwa chake ndanena zimenezi.

Matenda anayamba ndi m'mawa. Ankadzuka zala zitauma ngati si zawo, n'kuziviika m'madzi ofunda mpaka dzuwa litakwera. Kenako mfundo za zala zinatupa, zigongono nazo, mawondo nawo. Batani la bulauzi linasanduka mdani. Kapu ankainyamula ndi manja awiri ngati mwana. Anamwa mapiritsi zaka, ena owaotcha m'mimba, ena owathothola tsitsi, koma zala zinayamba kupendekera kumbali ngati udzu wogonetsedwa ndi mphepo. Tsiku lina simbi inawapulumuka n'kugwera pamkanjo wa otumikira. Ululu sunawalizepo, koma tsiku limenelo analira.

Pomaliza anatitumiza kuchipatala chachikulu, kwa dokotala wa mafupa, mayi wachitsikana wolankhula mofulumira. Anati matendawo ndi nyamakazi, koma osati ya ukalamba ija.

"Amayi, m'thupi muli asilikali olimbana ndi matenda. Anu asokonezeka. M'malo momenya mdani akumenya nyumba yawo yomwe, ndiye mfundo zanuzi ndi zimene zikulandira zibakera."

"Aledzera?" Azakhali anafunsa.

Adokotala anaseka. "Tingotero. Pali jakisoni amene amawagwira dzanja asilikaliwo. Muzibaya kamodzi pa masabata awiri, pantchafu kapena pamimba. Koma mumvetse bwino: akawagwira dzanja, chitetezo chanu chitsikako. Muzipewa anthu a chifuwa, ndipo thupi likatentha musabaye, mubwere kuno."

Anawayeza kaye magazi ndi chifuwa chachikulu, zonse zinali bwino. Kenako anesi anatiuza za kasungidwe. Mankhwalawo si piritsi loti n'kuika pansi pa pilo. Ndi madzi osachedwa kuwonongeka, ali m'kachubu kooneka ngati cholembera chonenepa. Azikhala m'furiji, osati mouma madzi muja, ndipo padzuwa kapena pamoto asayandikire. Zala za Azakhali sizikanatha kudina, ndiye anesi anatembenukira kwa ine, n'kundipatsa lalanje kuti ndiyesezere. Ndinalibaya lalanjelo. Kuyambira tsiku limenelo Azakhali ankanditchula kuti Adokotala.

Tinalibe furiji. Bambo Mfumu anatilola kusunga kabokosi ka mankhwalawo m'furiji ya kukhitchini ya holo, shelefu yapansi, m'kachidebe kotseka bwino. Loweruka la jakisoni ndinkakatenga kamodzi, kudikira kuti kuzizira kuchepe, kupukuta pantchafu ndi thonje la sipiriti, kutsina khungu, kudina. Iwo ankayang'ana kudenga akunena Tikuoneni Mariya, ndipo pemphero lisanathe zinali zitatha.

Akhristu anzanga, ndinaona ndi maso anga. Patapita masabata angapo ndinadzuka n'kuwapeza atavala kale, mabatani onse ali m'malo mwake, akundiyang'ana ngati mwana amene wakhoza mayeso. Zala zopendekera sizinawongoke, koma zinasiya kutupa, zinayamba kugwira. Anabwerera ku simbi. Pa pemphero la madzulo anawonjezera chiganizo chimene sanachisiye mpaka imfa: "Dalitsani, Ambuye, anthu amene anakhala pansi n'kuganiza mankhwala awa, kaya amakudziwani kaya sakudziwani."

Zikanathera pamenepa bwenzi nkhani ino ili yokoma.

Loweruka lina amayi a gulu ankaphikira ana a katekisimu. Amayi Apampando, amene amatsogolera gululo ndipo makiyi a holo amasunga ndi iwo, anatsegula furiji n'kupeza kachidebe kaja. Anakatsegula. Anaitana Azakhali kuchokera kositira, pamaso pa amayi onse, ine ndili pakhomo ndi dengu la nsalu.

"Amayi a Simbi, majakisoni awa ndi a ndani?"

"Ndi anga, Amayi. Bambo Mfumu anandilola."

"A chiyani?"

Munthu wina akanati ndi a mafupa, basi. Koma Azakhali anabwereza mawu a adokotala monga anawamvera, mosachotsa kanthu. "Ndi a asilikali a m'thupi. Ati chitetezo chimatsika, ndiye ndizisamala ndi chifuwa."

Wina amene ankatakasa mumphika anasiya. Inu nonse mukudziwa kuti kuno mawu atatu amenewa, chitetezo, kutsika, chifuwa, akakumana pamodzi anthu amamva matenda amodzi okha. Palibe anafunsa funso lachiwiri. Amayi Apampando anangoti, "Ooh. Pepanitu," n'kutseka kachidebeko ndi nsonga za zala. Azakhali anabwerera ku simbi yawo osadziwa kuti anena chiyani. Ine ndinadziwa. Ndinafuna kulankhula, koma lilime langa limandithawa pagulu, ndipo linandithawa.

Lamlungu lake nkhani inali itafika kale mpaka kwa ogulitsa makandulo pageti. Zonse zinayamba kugwirizana m'mitu mwanu. N'chifukwa chake amakhala pafupi ndi khomo. N'chifukwa chake pa moni wa mtendere amangoweramitsa mutu osapereka dzanja. N'chifukwa chake amapitapita kuchipatala chachikulu. Simunaganize kuti pakhomo ndi pamene pamapita mphepo, kapena kuti dzanja lotupa mukalifinya ndi chikondi chanu chija munthu amaona nyenyezi. Ndinamva ndi makutu anga kuseri kwa zimbudzi: "Nanga munthu wosakwatiwa anazitenga kuti?" Wina n'kuyankha kuti, "Ofatsawo ndi omwewo." Mpaka telala uja, amene anamwalira ine ndisanabadwe, munamufukula.

Loweruka la jakisoni litakwana ndinatsegula furiji, kachidebe mulibe. Ndinafufuza mpaka kuseri kwa mabotolo. Ndinakapeza pawindo, pamwamba pa chitofu, dzuwa likukawomba, kakutentha ngati kachoka mu uvuni. Mlonda anandiuza kuti kanatulutsidwa tsiku lomwe lija, ati zoterezi sizingakhale pamodzi ndi mkaka wa ana. Palibe anabwera kudzatiuza. Nyumba yathu aliyense amaidziwa.

Anesi atamva anagwira mutu. Anati onsewo atayidwe, ndipo ena sangapezeke msanga chifukwa amabwera owerengeka, aliyense ndi ake. Tinadikira. Ndinaona manja aja akutsekekanso pang'onopang'ono, chala ndi chala. Ndinayambanso kuwamanga mabatani, kuwapesa, kuwadzutsa pampando. Akamadzuka m'mawa ankaluma mlomo kuti ndisamve.

Ndi nthawi imeneyo pamene Amayi Apampando anabwera kunyumba ndi anzawo awiri. Mipando tinawapatsa, anakhala m'mphepete mwake. Tiyi ndinawathirira, anazizirira m'makapu.

"Tabwera kudzakupumitsani, Amayi a Simbi. Mwagwira ntchito nthawi yaitali."

"Manjawa achira, Amayi. Mankhwala akangobwera."

"Si za manja zokha. Mukudziwa kuti tinsalu tija timapukuta chikho cha Ambuye, ndipo chikhocho chimafika pakamwa pa ansembe. Anthu akudandaula. Ifetu tikungoteteza."

Azakhali anawayang'ana nthawi yaitali. Ndikhulupirira ndi pamene anamvetsa zonse. Ndinadikira kuti anene. Chiganizo chimodzi chokha chikanakwana. M'malo mwake anandituma kuti ndikatenge dengu la nsalu zimene zinali zitachapidwa kale, n'kulipereka.

"Mtandawo muziusitira kumbuyo," anatero. "Ulusi wake sufuna moto."

Alendo atangotuluka ndinaphulika, koyamba m'moyo wanga.

"Bwanji simunawauze? Ndipita ine! Ndikawatenga anesi abwere adzawauze pamaso!"

"Adzawauze chiyani, Adokotala?"

"Kuti mulibe!"

"Ndamva. Khala pansi. Ndikufuna ndiganize kaye, ndipo iwe ukusokosa ngati owotcherera zitsulowa."

Anaganiza masiku angapo, korona ili pamiyendo poti zala sizinkatha kuyendetsa mikanda. Asanamalize kuganiza kunabwera mlendo wina masana. Anali Mayi a pa Saluni, amene amaluka tsitsi pafupi ndi pokwerera basi, mayi wamasiye amene anali atasiya kubwera ku Misa kuchokera pamene amuna awo anamwalira. Anaima pakhomo akupotokola chikwama.

"Ndamva zimene akuchitani," anatero. "Ine furiji ndili nayo kusaluni, ya zakumwa za makasitomala. Magetsi akathima ndili ndi mabotolo a madzi ouma. Bweretsani." Kenako anayang'ana pansi. "Inenso ndili nako, kachilomboko. Kutchalitchi sindinauzepo munthu. Ndinkaopa zomwezi."

Azakhali anawakhazika pafupi. "Mwanangu, ndisakunamize. Anga ndi ena, ndi a mafupa. Aja anamva molakwa."

Mayi a pa Saluni anadzidzimuka, nkhope yonse inagwa, n'kuyamba kuimirira ngati munthu amene walowa m'nyumba yolakwika. Azakhali anawagwira chovala ndi zala zawo zopindikazo.

"Ukupita kuti? Za furiji zija wasintha maganizo?"

"Ayi, koma... nanga bwanji simukuwauza? Angakubwezereni ntchito yanu."

"Ndikawauza adzandipepesa, adzandibwezera dengu, kenako adzayamba kusuzumira kuti nanga weniweni ndi uti. Panopa maso onse ali pa ine, ndipo ine ndakalamba, sandichotsa kanthu. Lamlungu ubwere. Pabenchi langa pali malo ambiri masiku ano."

Apo ndi pamene anamalizira kuganiza. Madzulo anandiuza kuti nkhani ya nyamakazi isatuluke pakamwa panga. Ndinati si chilungamo. Anati sanandiuze kuti ndi chilungamo.

Bambo Mfumu nawo anabwera, atamva mochedwa monga amamvera ansembe. Iwo ankadziwa zoona kuyambira pachiyambi. Anati alengeza paguwa kuti matenda a Amayi a Simbi ndi a mafupa chabe.

"Chabe?" anatero Azakhali. "Mukalengeza kuti ine ndilibe, Bambo, amene ali nako akakhale pati?"

Lamlungu lake Bambo Mfumu analalikira za miseche, ulaliki wabwino, ndipo nonse munagwedeza mitu aliyense akuyang'ana mnzake. Koma dengu silinabwerere. Ati za gulu la amayi salowerera. Ndikudziwa kuti Bambo awerenga tsamba lino asanalisindikize. Ndawalemekeza moyo wanga wonse, komabe mawu amenewo ndawasiya momwemo.

Mankhwala atabwera tinkasunga kusaluni, pakati pa mabotolo a zakumwa, ndipo palibe kasitomala anafa. Manja anatsegukanso, ngakhale chala chimodzi chakumanja sichinabwererenso pamene chinali chisanachitike cha pawindo chija. Ndinkachiona tsiku lililonse. Azakhali anayamba kusita mataulo a kusaluni ndi mayunifolomu a ana a pamzere wathu amene analibe owasitira. Ku Misa sanajombe. Ankakhala pabenchi lija la pakhomo, Mayi a pa Saluni pambali pawo. Patapita miyezi panawonjezeka bambo wina, kenako mtsikana wa mwana kumbuyo, kenako ena. Sindiwatchula. Ena anali odwala, ena anali ongotopa ndi mabenchi akutsogolo. Inu munalitcha benchi la odwala, ndipo ana anu munkawakoka dzanja akamadutsa pamenepo.

Inenso zinandikhudza, ngakhale zanga ndi zazing'ono. Ku kwaya botolo la madzi linkadumpha ine. Mnzanga wapamtima anasiya kubwera kwathu, ati mayi ake akuti aziwerenga. Ndinkadziwa yankho limene likanathetsa zonsezi, linali pansonga ya lilime, ndipo ndinkalimeza.

Lamlungu lina nsalu ya paguwa inabwera ndi chipsera cha simbi pakati penipeni, mtanda ukunyezimira ngati wapakidwa mafuta. Ndinasangalala. Ndinasangalala Misa yonse. Loweruka lake ndikuwabaya, Azakhali anati, "Adokotala, lero mwandibaya ndi mkwiyo."

"Jakisoni ndi yemweyo."

"Dzanja ndi lina. Ndinakuona Lamlungu ukumwetulira nsalu yopserera."

"Anazifuna okha."

"Amene anapsereza uja ndi mwana wamng'ono, anamupatsa simbi osamuphunzitsa. Ukamuuze abwere Lachinayi, adzere kuseri ngati akuopa."

Anabweradi, mozemba, ndipo anaphunzira patebulo lathu lija. Nsalu zimene mwakhala mukuziyamikira zaka zapitazi kuti gulu likusita bwino, dziwani kumene luso lake linachokera.

"Inu simukwiya?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Ndimakwiya. Ndikafika pa 'monga ifenso tiwakhululukira' ndimaima kaye, ndimawatchula mayina mmodzimmodzi. Masiku ena ndimachedwa pamenepo mpaka tiyi kuzizira."

Chaka chathachi mtima wawo unayamba kufooka, miyendo kutupa, mpweya kuchepa. Adokotala a kuchipatala anati jakisoni uja sagwirizana ndi mtima wotero, ayenera kusiya. Azakhali anafunsa ngati kabokosi kotsala kangapatsidwe wina, atauzidwa kuti anesi aona, anathokoza. Manja anatsekekanso, ulendo uno osatsegukanso. Korona ndinkawayendetsera ndine, iwo akunena mawu.

Atalandira sakramenti la odwala ndinawafunsa chimene chinkandivuta. "Mukapita, ndizingokhalabe chete?"

"Ndikapita pakamwa ndi pako. Koma ukapemphe kaye kwa mnzanga wa pa saluni. Ndipo ukadzanena, usadzanene ngati ukundichapa. Sindinade."

Anamwalira masana, pampando wawo pakhomo, owotcherera zitsulo atapita kukadya ndipo kunja kuli phee. Mayi a pa Saluni ankawaluka tsitsi, ine ndikuwerenga salimo. Azakhali anati mzere wakumanzere wakhota, aukonze. Mayi a pa Saluni anaumasula n'kuyambiranso, ndipo pamene ankafika kumapeto, mutu unali utatsamira pamkono pawo. Nkhope inalibe khwinya la ululu ngakhale limodzi.

Pamaliro tchalitchi chinadzaza. Amayi Apampando analankhula m'malo mwa gulu, anati Amayi a Simbi anali nyale ya parishi, anati anatumikira mpaka mphamvu zitawathera. Ena munalira. Ine ndinayang'ana pansi.

Ndinapita kusaluni kukapempha monga anandiuzira. Mayi aja anali ndi kasitomala pampando, chipeso chili kukamwa. Anachilavula n'kunena mokweza kuti, "Lemba, mwana iwe. Ulembenso kuti ine ndili nako, ndimamwa mankhwala anga, ndipo ndanenepa kuposa Apampando. Ndatopa nako kunong'ona."

Ndiye ndalemba. Azakhali anga ankadwala nyamakazi ya mtundu umene thupi limadzimenya lokha. Jakisoni wawo ankatsitsa chitetezo dala, kuti manja agwire simbi. Sindikunena izi kuti muwaone oyera kuposa amene ankakhala nawo pabenchi. Akanakhala nako kachilomboko, tinsalu tija tikanayera chimodzimodzi. Chitsanzo chimene atisiyira chili pakhomo la tchalitchi, kudzanja lamanzere mukamalowa, ndipo malo alipobe.

Chatsala ndi cha sabata yathayi. Amene anabwera kudzandipempha kuti ndilembe nkhani ino ndi Amayi Apampando eni ake. Anandipeza ndikupinda bulangete la patebulo. Ulendo uno anakhala pampando bwinobwino.

"Ulembe zokoma, mwanawe. Za ubwana wawo, za simbi, za kupemphera. Koma za matenda aja usalembe. Tisawachititse manyazi ali m'manda."

Lilime linayamba kuthawa monga mwa masiku onse, koma ndinaligwira.

"Anali a nyamakazi."

"Chiyani?"

"Majakisoni amene munaika pawindo aja. Anali a nyamakazi. A manja."

Anayang'ana tebulo, anayang'ana simbi pashelefu. "Mayo ine. Nanga bwanji sananene? Ifetu sitinkadziwa, mwanawe. Tinkangoteteza ana. Tikanadziwa kuti ndi nyamakazi, ndani akanawalanda nsalu?"

"Ndiye mukanawasiyira?"

"Ndithu! Tsiku lomwelo!"

"Nanga akanakhala nako?"

Anayamba kufunafuna kampango m'chikwama, ndipo misozi inali yeniyeni, sindinama. "Undikhululukire, mwana wanga. Iwo anali munthu wa Mulungu, ndikudziwa anandikhululukira."

"Anakukhululukirani. Ankakutchulani dzina m'mawa uliwonse."

"Nanga iwe?"

Ndikanatha kunena kuti inde, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu, nkhani n'kutha. Koma ndinaleredwa m'nyumba imene bodza laling'ono silinkaloledwa. Ndinadzutsa mutu n'kuwayang'ana m'maso, koyamba chibadwire.

"Ine ayi, Amayi. Ndinakwiya nanu, ndipo ndikadali wokwiya. Pemphero lija ndimaima pa dzina lanu, sindinadutsepo."